Bambo akunditchula wakuba: khansa ya mu ubongo yawasintha, ndithandizeni nzeru

Lachiwiri usiku

NaBanda wa ku 25: Pepani a pa gulu kukulemberani usiku uno, tulo palibe. Ndimangowerenga zanu pano osayankhula, koma lero zandikulira. Bambo anga ali ndi khansa ya mu ubongo. Zinayamba ndi mutu wa m'mamawa ndi kusanza, ife n'kumati ndi BP. Tsiku lina anagwa pa khonde n'kuyamba kuphupha ngati a khunyu. Tinathamangira nawo ku Central, anawajambula mutu, n'kupeza chotupa kumanzere chakutsogoloku. Opaleshoni anachita, anachotsa chimene anatha kuchotsa, koma adokotala sanatibisire, anati mtundu umenewu umaphukanso. Pano ndi miyezi isanu ali kunyumba kwanga. Amayi anatisiya kale. Ana tilipo anayi koma amene ndikugona nawo nyumba imodzi ndine.

NaBanda wa ku 25: Kuchapa ndi kuphika sindikudandaula nazo ayi. Chikundipweteka n'chakuti munthu ali m'chipinda umu sakukhala ngati bambo anga. Anali aphunzitsi, zaka 31 ali ndi choko m'manja, mkulu wa mpingo, sindinawamvepo akutukwana ngakhale galu. Lero andiuza pamaso pa ana anga kuti ndine wakuba, ndawadyera penshoni, ndikuwathirira mankhwala m'phala. Phalalo anandikhuthulira pa chitenje. Ndinakalirira kubafa. Alipo anadutsamo? Kapena mumtima mwawo ankandiona choncho kuyambira kale, matendawa angowatsegula pakamwa?

Make Tadala: Pepani asisi. Ine ndili maso, lankhulani.

Bambo a Yamikani, Biwi: Achemwali, funso lanu lomalizalo lichotseni m'mutu usiku womwe uno. Ine ndinadwazika amayi anga chaka chathunthu, yawo inachokera ku bere n'kukwera ku mutu. Ankanditchula dzina la amalume anga amene anakangana nawo za munda ku Mitundu, n'kumandithamangitsa m'nyumba yanga yomwe. Amayi amene anagulitsa mbuzi zawo zonse kuti ine ndiphunzire. Mukuganiza kuti ankandida kuyambira kale? Ayi ndithu.

Namwino wa pa gulu: Ndangofika kuchokera ku ntchito, ndiloleni ndiyikepo mawu. Mwati chotupa chili chakutsogolo. Mbali imeneyo ya ubongo ndi imene imagwira munthu kuti asamangolankhula chilichonse, ndi imene imasunga khalidwe, manyazi ndi kuganiza bwino. Ikapanikizika munthu wofatsa amatha kulusa, wamanyazi amatha kuvula pagulu, ndipo kukayikira anthu kuti akuba kapena akuthira poizoni timakuona kawirikawiri. Amene amanenedwa kwambiri ndi amene ali pafupi, chifukwa ndi nkhope imene wodwala akuyiona tsiku lonse. Si chinsinsi cha mumtima chimene chatuluka ayi. Ndifunseko: dzanja kapena mwendo wakumanja uli bwanji? Nanga akumwa mankhwala anji, nthawi yanji?

NaBanda wa ku 25: Dzanja lamanja lafooka, supuni imagwa. Mawu ena amawasowa, akafuna kunena kapu amati mpando, ndiye akaona kuti sitikumva amapsa mtima. Akumwa dexamethasone, phenobarbitone, ndi mofini wamadzi uja. Dexa ndimawapatsa m'mawa ndi usiku pogona.

Namwino wa pa gulu: Za dzanjazo zikugwirizana, ubongo wakumanzere ndi umene umayendetsa mbali yakumanja ya thupi, ndipo kwa anthu ambiri mawu amakhalanso kumanzere komweko. Koma pa dexa wa usikuyo ndi pamene ndaima. Dexamethasone amaphwetsa kutupa kozungulira chotupacho, n'chifukwa chake mutu umaleka ndipo munthu amatsitsimuka. Koma amathawitsa tulo, amatha kumulusitsa munthu, amakweza shuga, amapatsa njala yoopsa, ndipo amabweretsa zoyera m'kamwa. Ambiri timawalangiza kuti amwe m'mawa ndi masana, asafike madzulo. Musasinthe nokha, ndipo chonde musawasiyitse mwadzidzidzi, n'zoopsa. Pitani nalo buku lawo la kuchipatala kwa amene anakulemberani, muwauze zonse mwalemba panozi, mupemphenso ayezedwe shuga. Ngati akumwa madzi pafupipafupi ndi kukodza kwambiri musadikire tsiku la sikelo yawo.

NaBanda wa ku 25: Madzi ndiye akumwa ngati ng'ombe, matewera atatu usiku umodzi. Ine ndimati ndi kutenthaku.

Namwino wa pa gulu: Ndiye mawa lomwe.

Lachitatu

Gogo NaSimango: Mwadzuka bwanji ana anga. Ndawerenga zonse mdzukulu atandikulitsira zilembo. Iwe NaBanda, ndikufunse za kumudzi: bambo akowo akuwasambitsa ndani?

NaBanda wa ku 25: Agogo mwakhudza pachilonda. Ndine. Amuna anga amachoka 5 koloko m'mawa kupita ku Kanengo, amabwera kwada. Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka 12. Poyamba ndinkadikira amuna anga, koma munthu akadziyipitsira 9 koloko m'mawa ungamusiye mpaka usiku? Azakhali atamva anati ndachita malawulo, mwana wamkazi saona thupi la bambo ake. Anakalipa koma sanatsale kuti asambitse iwowo.

Gogo NaSimango: Mwambo umenewo ulipo, sindingaukane. Koma mwambo unkayenda chifukwa pa mudzi pamakhala amuna ambiri, adzukulu, asuweni, aliyense ndi mbali yake. Sunapangidwe kuti munthu agone m'zoyipa. Azakhali akowo ngati akuufuna mwambowo atumize mnyamata kuchokera kumudzi, adzadye nsima yako koma ntchito imeneyo ikhale yake.

Che Saidi wa ku Mchesi: Agogo anena zoona. Kwathu abambo a ku mzikiti tinkasinthana kusambitsa mkulu wina amene ana ake onse anali aakazi. Inu bambo anu ndi mkulu wa mpingo, azibambo anzawo ali kuti? Asamangobwera Lamulungu ndi nyimbo n'kumwa tiyi. Apempheni mosazungulira: awiri Lachiwiri, awiri Lachisanu, kudzasambitsa ndi kumeta ndevu.

Make Tadala: Ndi zoona, anthu amati "mukafuna thandizo munene" koma ukapanda kutchula ntchito yake palibe chimachitika. Amayi a Mvano muwauze za kuchapa zofunda, tsiku lake ndi ili.

Bambo a Yamikani, Biwi: Ine amayi ndinkawasambitsa ndekha, mlongo wanga ali ku Mzuzu. Ndinkawafunditsa chitenje kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, n'kumapukuta mbali imodziimodzi ndi kansalu dzanja lili pansi pa chitenjecho, uku tikucheza za kumudzi. Tsiku loyamba tonse tinalira. Pofika sabata yachitatu ankandikalipira kuti madzi azizira. Manyazi amatha, zilonda za pamsana ndi zimene sizitha. Zimenezo ndi zimene muziope.

Namwino wa pa gulu: Pa zilondapo. Akayamba kukhalitsa pa bedi muziwatembenuza maola awiri alionse, kumanzere, chagada, kumanja. Muziyang'ana m'chiuno, pa fupa la kumatako, ku zidendene ndi m'mapewa. Pakafiira osabwerera, pamenepo pasagonedwe. Makintoshi pansi, nsalu youma pamwamba, yopanda makwinya. Vaseline pang'ono pakhungu louma. Kumutu kwa bedi kukhale kokwera ndi mapilo, zimathandiza mutu wa m'mamawa uja.

Dalitso Herbs: Amayi musataye nthawi ndi mankhwala achizungu. Ndili ndi mankhwala achilengedwe osungunula chotupa chilichonse pa masiku 21, umboni ulipo. Ndipezeni ku inbox.

NaPhiri Kawale: Ayambapo.

Dalitso Herbs: Inu simunayese bwanji mukutsutsa? Achipatala akanika kale apa.

NaPhiri Kawale: Ndinayesa bambo. Ndinagulitsa firiji chifukwa cha mabotolo ngati anuwo. Amuna anga anatsegula m'mimba masiku anayi, khansa ili pomwepo, ogulitsa foni anazimitsa. Musadyere pa misozi ya anthu.

Adimini: Uthenga wa malonda ndachotsa, ndipo mwini wake ndamutulutsa. Lamulo la gulu lino mukulidziwa. Pitirizani.

NaBanda wa ku 25: Zikomo adimini. Koma nkhani imeneyi ili m'banja mwathu momwe. Azakhali ndi amalume a bambo akuti munthu wophunzira sangangopenga choncho, alodzedwa chifukwa cha nyumba ya malata imene anamanga kumudzi ku Dowa. Akufuna Loweruka adzawatenge kupita nawo kwa sing'anga, ena akuti kwa mneneri wa ku phiri. Achimwene anga a ku Joni nawo akuti ndikufooka, ndipeze njira tipite nawo ku India, iwo atumiza ndalama. Aliyense akulamula pa foni. Ine ndili pakati ngati nyama ya galu awiri.

Mphunzitsi wa ku Likuni: Apa ndiyankhule mosiyana pang'ono ndi anzanga. Achibale a kumudziwo musawatenge ngati adani. Iwowo akuona mbale wawo akutukwana, akugwa, akuyankhula zosamveka, ndipo palibe anawaonetsapo chithunzi cha sikani. Kwa iwo zimenezo dzina lake ndi limodzi basi. Mukawakaniza mwaukali, tsiku la maliro mudzasenza mlandu woti munawakaniza thandizo. Itanani mwini mbumba, mupite naye kuchipatala, adokotala amuonetse chotupacho ndi maso ake. Ife tinachita choncho ndi amalume athu, pobwerera mu minibasi anali phee, ndipo ndi iwo amene anakaletsa ena kumudzi.

NaPhiri Kawale: Aphunzitsi, ena ngakhale uwaonetse chithunzi amati chotupacho anachiyikamo ndi anthu.

Mphunzitsi wa ku Likuni: Anene choncho, palibe kanthu. Simukufuna kuwasintha chikhulupiriro, mukufuna wodwala asanyamulidwe pa lole kupita ku Dowa mankhwala atatsala pa windo. Mapemphero abwere kunyumba. Amene akufuna kupemphera usiku wonse apemphere pa balaza. Malire akhale awiri: sachoka pano, ndipo sasiya mankhwala kapena kumwetsedwa zosadziwika.

Namwino wa pa gulu: Malire amenewo ndikugwirizana nawo kwambiri. Kusiya phenobarbitone mwadzidzidzi kumabweretsa kukomoka kotsatizana kumene kungathe kupha. Ndipo poti tatchula kukomoka, onse a m'nyumba adziwe, ndi mwana wa zaka 12 yemwe: akayamba kuphupha musawayike supuni kapena chala m'kamwa, lilime silimezedwa. Musawapanikize, musawathire madzi. Chotsani zimene angadzipweteke nazo, kansalu pansi pa mutu, agonekeni cham'mbali, yang'anani nthawi. Zikapitirira mphindi 5, kapena zikabwereza asanatsitsimuke, thamangani nawo kuchipatala. Mbaula ikhale kutali ndi pamene amakhala. Ndipo si matenda opatsirana, malovu awo sangakupatseni kanthu.

Make Chikondi 18: Koma musataye mtima asisi, apongozi anga anawachita opaleshoni ya chotupa cha mu ubongo ku Queens, pano zaka zisanu ndi ziwiri, akulima okha ku Ntcheu. Mwina achimwene anuwo akunena zoona, yesani kunja.

Namwino wa pa gulu: Make Chikondi, tithokoze Mulungu chifukwa cha apongozi anu, koma zotupa za mu ubongo si zofanana. Pali china chotchedwa meningioma, chimamera pa chikopa chokuta ubongo, nthawi zambiri si khansa, akachichotsa bwino munthu amakhala zaka zambiri. NaBanda, pa pepala la zotsatira analemba chiyani?

NaBanda wa ku 25: Glioblastoma.

Namwino wa pa gulu: Chabwino. Ndilankhula monga ndingalankhulire ndi m'bale wanga. Imeneyi imalowerera mu ubongo ngati mizu ya nsenjere, dokotala sangayizule yonse. Ngakhale ku London kapena ku Johannesburg, ndi opaleshoni, kuwotcha ndi makina ndi mapiritsi a temozolomide, cholinga chimakhala kuwonjezera nthawi, osati kuchiza. Kale anthu ankapitira kunja kuwotchako chifukwa kuno makina kunalibe, pano ku Cancer Centre ku Central kuja alipo. Ngati kuwotcha kungawathandize bambo pa mphamvu zimene ali nazo panopa, amene anganene ndi madokotala a kumeneko, kafunseni. Koma achimwene anuwo asamve kwa inu, adzati mwatopa nawo bambo. Tsiku lokaonana ndi dokotala muwayimbire pa WhatsApp, foni ikhale pa tebulo, afunse okha za India.

Bambo a Yamikani, Biwi: Ndipo muwauze ndalama ya ndegeyo ayisandutse matewera, mnyamata wothandiza ndi galimoto yopitira kuchipatala. A kunja amatumiza malamulo chifukwa chikumbumtima chikuwadya kuti sali pano. Apatseni ntchito yooneka, pa Mpamba kapena Airtel Money mwezi ndi mwezi, mtima wawo ukhala pansi. Ndipo ngati akufuna kudzacheza ndi bambo akuwazindikira, abwere pano, asadikire Disembala.

Make Tadala: Mawu omalizawo ndi owawa koma ndi oona.

NaBanda wa ku 25: Ndawerenga kawiri. Ndimadziwa, koma palibe anandiuzapo m'Chichewa. China: mofini ndimawapatsa pokhapokha akabuula kwambiri. Anthu anandiopseza kuti amafulumizitsa imfa.

NaPhiri Kawale: Bodza limenelo linawazunzitsa amuna anga mwezi wathunthu. Nditayamba kuwapatsa pa nthawi yake anayambanso kudya ndi kumvera mpira pa wailesi.

Namwino wa pa gulu: Mofini wamadzi amagwira pafupifupi maola anayi, n'chifukwa chake amalemba kuti maola anayi alionse, osadikira ululu ubwere. Pa mlingo umene akulemberani sapha munthu. Chimene amachita ndithu ndi kumanga m'mimba, ndiye pemphani mankhwala ofewetsa, muziwapatsanso papaya ndi madzi okwanira. Munthu amene sanachite chimbudzi masiku anayi amalusa, ululu nawonso umalusitsa, makamaka kwa amene mawu akumusowa. Funsaninso za a palliative care ku Central komweko, ntchito yawo ndi imeneyi, ululu, chisamaliro cha kunyumba, ndi kukhala pansi ndi banja. A ku Blantyre amadziwa Tiyanjane ku Queens, a ku Salima ali ndi Ndi Moyo. Anthu amaganiza kuti kumeneko ndi kwa otayidwa, pamene ndi kumene amakumvetsera nthawi yaitali.

Gogo NaSimango: Za wakubazo ndikuuze zimene ndinkachita ndi malemu amuna anga atasokonezeka mutu. Usamatsutsane nawo. Ukati "sindinabe" ndiye mlandu wayamba, iwo ndi woweruza. Uziti "ndalama zanu zasowa? Tiyeni tifune." Apatse kachikwama, uyikemo khadi lakale la ku banki ndi timapepala ta ndalama tochepa, azigona nako. Phala uziyamba walawa iweyo iwo akuona, kapena mudyere mbale imodzi. Akalusa tuluka, uwerenge nkhuku panja, ubwerenso ngati ukufika kumene.

Che Saidi wa ku Mchesi: Agogo mukanatsegula sukulu.

Mphunzitsi wa ku Likuni: Ana anu muwafotokozerenso. Mwana akamva agogo ake akutchula amayi ake wakuba amasunga mumtima. Auzeni kuti agogo ali ndi chotupa m'mutu chimene chikusokoneza mawu awo. Ana amamva msanga kuposa akuluakulu.

Make Tadala: Nanga inuyo asisi mumagona nthawi yanji? Abale anu ena awiri aja ali kuti?

NaBanda wa ku 25: Wina ali ku Area 36 konkuno, amabwera Lamulungu ndi nthochi n'kujambula zithunzi zotumiza ku gulu la banja. Winayo ali ku Kasungu ndi mwana wakhanda, ameneyo sindimuwerengera. Kugona ndimagona ngati nkhuku. Geni yanga ya kaunjika ku Nsungwi ndinatseka mwezi wachitatu uno. Ndinene zoona pano poti simundidziwa nkhope: tsiku lina ndinapemphera kuti Mulungu angowatenga. Kenako ndinadzida.

Bambo a Yamikani, Biwi: Pemphero limenelo ndinalipempherapo kangapo, pa khonde, 3 koloko usiku. Sindinauzepo munthu mpaka lero.

NaPhiri Kawale: Inenso.

Make Tadala: Wa ku 36 yo muuzeni kuti Lachisanu azigona kwanu, inu muzikagona kwa ana chitseko chotseka. Osamupempha ngati akukuchitirani chifundo, ndi bambo akenso. Nthochi azibwera nazo Lachisanulo.

Loweruka madzulo

NaBanda wa ku 25: A pa gulu, ndabwera ndi lipoti. Lachinayi tinapita. Shuga anapezeka wokwera kwambiri, awayambitsa mankhwala ake, dexa amuchepetsa pang'ono ndipo dexa yenseyo azimwa dzuwa lisanapendeke. M'kamwa munalidi zoyera, n'kutheka n'chifukwa chake ankakana phala, atipatsa mankhwala ake. Atilembera tsiku lokaonana ndi a khansa sabata ya mawa. Achimwene analankhula ndi dokotala pa foni, anafunsa za India, atayankhidwa anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndimayesa netiweki yaduka. Usiku anandiyimbira akulira. Akuti akufunafuna tchuthi.

NaBanda wa ku 25: Amalume a bambo anafikadi lero ndi azakhali. Ku chipatala sindinathe kupita nawo, koma ndinawaonetsa chithunzi cha sikani pa windo, ndinawalozera poyera paja. Amalume anachiyang'ana nthawi yaitali n'kuti "chachikulu ngati dzira." Azakhali sanakhutire, akuti abweranso ndi munthu wodzapemphera. Ndati abwere. Za mnyamata avomera, mdzukulu wawo wina amene analemba Folomu 4 afika Lachiwiri.

Gogo NaSimango: Nanga kachikwama?

NaBanda wa ku 25: Agogo, kali pansi pa pilo, amakagwira kaye asanagone. Dzulo agona kuyambira 10 koloko mpaka 4, koyamba mwezi uno. M'mawa mwana wanga amalemba masamu pafupi ndi bedi lawo, bambo anayang'ana m'kope n'kuloza ndi dzanja lamanzere pamene analakwitsa. Mawu anakanika kutuluka koma analoza malo enieniwo. Kenako anandiyitana ndi dzina limene ankanditchula ndili mwana. Madzulo ano ndiye abwereranso, akuti mayi amene akuphika kukhitchiniyo ndi ndani, amuchotse. Ndinati chabwino bambo, ndikamuuza. Ndinatuluka, ndinasintha mpango, n'kubwera ndi nsima. Adya.

Namwino wa pa gulu: Ziziyenda choncho, tsiku lina kuwala tsiku lina mdima, ndipo madzulo ndi pamene amasokonezeka kwambiri, muziyatsa nyali msanga. Podya azikhala tsonga, pang'onopang'ono. Mukaona akutsamwa ndi madzi kapena tiyi mundiuze, phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa zamadzimadzi. Akamasinza musawadyetse.

NaBanda wa ku 25: Ndamva. Chatsala ndi choyendera. Kuwanyamula kuchoka pa bedi kukafika pa msewu pamene galimoto imaima ndi ntchito, msana wa amuna anga wayamba kudandaula. Alipo ali ndi wilutcheya yobwereka?

NaPhiri Kawale: Ya malemu amuna anga ili kuseri kwa chitseko, ndimangoyanikapo matawulo. Tayala lakumanzere ndi lophwa ndipo buleki imodzi sigwira, koma okonza njinga pa msika akhoza kuyikonza. Ndili ku Kawale 2. Mubwere mawa tikaweruka ku tchalitchi, cha m'ma 1 koloko.

Che Saidi wa ku Mchesi: Musavutike ndi minibasi ziwiri, ine Lolemba ndikupita ku Kanengo ndi pikapu. NaPhiri ndipatseni malo ku inbox, ndikayitenga mawa madzulo, tayalalo ndikonzetsa kuno ku Mchesi. NaBanda, 25 yake iti, A, B kapena C?

NaBanda wa ku 25: C, kufupi ndi sukulu. Mukafika pa siteji muyimbe, mwana adzakuchingamirani.